Cala Cacikulu Catsopano

Pindani cala canu cacikulu m'cikhato, ndipo yesani kutola singano, kumanga batani, kapena kuumba mbamu ya nsima. Mudzaona kuti zala zinai zotsalazo zisauka ndithu. Cifukwa cace ndi ici: cala cacikulu cokha ndico cikhoza kutembenuka ndi kukomana ndi zinzace, kuti dzanja ligwire monga mbaniro.

Dzanja la mwana liumbika m'miyezi iwiri yoyamba ali m'mimba. Nthawi zina cala cacikulu sicikula bwino. Mwana wina abadwa naco cacing'ono ndi cofooka. Wina cingolendewera pa kakhungu. Wina alibe konse. Si ufiti ai, ndipo si mlandu wa amai ace. Madotolo akaona mwana wotere ayamba ampima mtima, impso ndi magazi, pakuti bvuto la cala nthawi zina lidza pamodzi ndi nthenda za ziwalo zimenezi.

Pambuyo pace ayang'ana mfundo ya patsinde, pamene cala cilumikizana ndi dzanja. Ikakhala yolimba, calaco acisunga. Akuza mpata wa pakati pa ico ndi cinzace, nasamutsa mtsempha wocokera ku cala cina kuti ucipatse mphamvu.

Koma mfundoyo ikasoweka, acita cinthu codabwitsa. Atenga cala ca mkombaphala nacisandutsa cala cacikulu! Sacidula ai, pakuti mitsempha yace ya magazi ndi ya kumva iyenera kukhala yosaduka. Acotsa mbali yaikulu ya pfupa lace la m'cikhato kuti cifupike, nacitembenuza kuti ciyang'anane ndi zinzace, ndi kusokanso minofu m'malo atsopano. Nchito imeneyi kawiri-kawiri aicita mwana ali ndi caka cimodzi kapena ziwiri, asanazolowere kupana zinthu pakati pa zala zina. Dzanja likhala m'pulasitala milungu ingapo, ndipo likatuluka mwana aphunzira kuligwiritsa nchito posewera.

Luso limeneli linakula m'nthawi ya cisoni. M'caka ca 1957 ku Germany anayamba kugulitsa mankhwala ochedwa thalidomide, amene akazi apakati ambiri anamwa. Ana zikwi-zikwi anabadwa ndi manja opunduka, kufikira mankhwalawo analetsedwa mu 1961. Dotolo wina wa ku Hamburg, dzina lace Dieter Buck-Gramcko, anathandiza ambiri a iwo, ndipo mu 1971 analongosola m'mene anacitira opaleshoni yotere pa manja 100. Madotolo a maiko ambiri atsatabe njira yace.

Makolo abvutika mtima pobvomera, cifukwa kacala kolendewera kaja kayenera kucotsedwa, ndipo mwana atsala ndi zala zinai moyo wace wonse. Cala catsopanoco sicikhalanso ndi mphamvu yofanana ndi ya canu. Komabe naco mwana agwira pensulo, natola ndalama pathebulo. Ndipo anthu ambiri amene apatsana naye moni sazindikira kuti cala cimodzi palibe, pokhapokha atawerenga.