Kuthandiza mwana kumvetsa zomwe akuwerenga

Makolo ambiri amandifunsa chifukwa chomwe mwana wawo amawerenga mosadodoma koma akafunsidwa za nkhaniyo amangoti kukamwa yasa. Yankho langa ndi lakuti kutchula mawu ndi luso lina, kumvetsa ndi linanso. Chiyambire maphunziro aulere a ku pulayimale mu 1994, makalasi ambiri ndi odzaza, moti mphunzitsi sangathe kumvetsera mwana aliyense payekha. Apa ndi pomwe wothandiza mwana kunyumba amafunika.

Ine ndimayamba ndi maphatikizo. Chichewa chimalembedwa monga momwe chimamvekera, choncho mwana wodziwa ba, be, bi, bo, bu amafulumira. Amavutika akafika pa nkha, mpha, tswa kapena ng'o. Mwana wotere amathera nzeru zonse pophatikiza malembo, ndipo pofika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala chiyambi chake. Mankhwala ake ndi kuwerenga kandime kamodzi mokweza, mobwerezabwereza, mpaka lilime limasuke.

Kenako timalowa m'nkhani. Tisanawerenge timayang'ana mutu ndi chithunzi, iye n'kulosera zomwe zichitike. Pakati ndimamuimitsa: wachita izi ndani, nanga chifukwa chiyani? Pomaliza amatseka buku n'kundifotokozera nkhaniyo m'mawu akeake. Ikakhala ya Chingerezi ndimamulola kufotokoza m'Chichewa, pakuti chomwe ndikufuna ndi kuona ngati wamva.

Mphindi 20 tsiku lililonse zimathandiza kuposa maola atatu Loweruka lokha. Akalakwitsa musamukalipire, chifukwa mwana wamantha amangoloweza. Mayeso a MANEB a Sitandade 8 amafuna mwana womvetsa funso, ndipo luso limeneli limakula kuyambira m'makalasi oyambirira.