Kodi Ndi Mnyanga, Fupa Kapena Pulasitiki?

Kachosema koyera moderako, kotalika ngati chala chachikulu, kachifanizo ka khoswe kapena nkhalamba yosenza thumba, kokhala ndi timabowo tiwiri kunsi kwake. Anthu akakapeza m'bokosi la katundu wa malemu kapena m'sitolo ya zinthu zakale, amathamangira kufunsa mtengo. Ine ndimati za mtengo zidikire kaye. Choyamba tidziwe kuti anakasema ndi chiyani, kanali ka ntchito yanji, ndipo n'ka liti.

Tengani galasi lokulitsa zinthu, mukhale poyera pali dzuwa. Yang'anani kunsi, pamene mmisiri anadula mopingasa. Mnyanga wa njovu uli ndi timizere topingasana ngati maluko a lichero. Akatswiri amati mizere ya Schreger, potengera dzina la Mjeremani amene anaifotokoza mu 1800. Ikamakumana motambasuka, kuposa madigiri 115, ndiye kuti ndi njovu. Ikamakumana mofinyika, osafika madigiri 90, ndi mammoth, njovu zaubweya zomwe zinatha kalekale, zimene minyanga yake amaifukula m'nthaka yozizira ya ku Siberia.

Fupa silivuta: lili ndi timadontho ndi timikwasa takuda, momwe munkadutsa timitsempha ta magazi. Dzino la mvuu limayera kwambiri, ndipo mizere yake imazungulira mosapingasana. Pulasitiki ndiye amapusitsa ambiri. Kuyambira m'ma 1870, John Wesley Hyatt wa ku America atatulukira kapangidwe ka celluloid, mafakitale anayamba kutulutsa zipeso ndi zokongoletsa zonga mnyanga. Koma mizere yake imawongoka mofanana mopitirira, kanthuko kamapepuka, ndipo kamafunda msanga m'manja, pomwe mnyanga umalemera komanso umazizira ukaugunditsa patsaya.

Ena amalangiza kubaya ndi singano yotentha. Chonde musayerekeze. Celluloid amayaka moto msangamsanga, ndipo chosema chilichonse chimatsala ndi chipsera chosachoka.

Nanga timabowo tiwirito? Kawirikawiri timasonyeza kuti kanthuko ndi netsuke ya ku Japan. M'nyengo ya Edo, kuchokera mu 1603 mpaka 1868, amuna ankavala kimono, chovala chopanda matumba. Kathumba ka fodya kapena kabokosi ka mankhwala ankakamangirira ku chingwe, chingwecho n'kuchipisa kuseri kwa lamba, ndipo netsuke inkakhala pamwamba kuti katunduyo asapulumuke. N'chifukwa chake ilibe nsonga zoti n'kukola nsalu. Nthawi zambiri bowo limodzi limakulirapo kuti mfundo ibisalemo.

Apa m'pamene ine ndimachedwapo, chifukwa mabowowo sanama. Netsuke imene inavalidwadi, milomo ya mabowo ake inadyeka ndi chingwe mpaka kusalala, mphuno ya khoswe uja inaperepeseka ndi zala, ndipo mbali ina inachita chikasu kuposa inzake. Yongopangira alendo ili ndi mabowo akuthwa, ndipo mtundu wake umafanana ponseponse chifukwa anainyika mu tiyi kapena utoto kuti ioneke yakale.

Za zaka za mnyangawo, mawu omaliza ali ndi asayansi. Mabomba a nyukiliya amene ankayesedwa m'ma 1950 ndi m'ma 1960 anachulukitsa carbon-14 mumlengalenga, motero kachidutswa kakang'ono kamaulula ngati njovuyo inafa nthawiyo isanafike kapena itadutsa.

Zimenezi si zongofuna kudziwa chabe. Mu 1989 mgwirizano wa CITES unaletsa malonda a minyanga pakati pa mayiko. Ku Britain, kuyambira mu 2022, kugulitsa zosema za mnyanga n'koletsedwa, kupatula zochepa, monga zopangidwa chisanafike chaka cha 1947 zimene mnyanga wake sufika 10 peresenti. Kuno ku Malawi, boma linatentha matani 2.6 a minyanga ku Mzuzu mu 2016, ndipo lamulo loteteza nyama zakuthengo lomwe linakhwimitsidwa mu 2017 lili ndi chilango chofika pa zaka 30 m'ndende.

Nkhaniyi imatikhudza. M'zaka za m'ma 1800, minyanga yambiri inkawoloka nyanja pa Nkhotakota, kwa Jumbe, itasenzedwa ndi akapolo kulowera ku Kilwa ndi Zanzibar. Choncho ngati muli ndi chosema chotere, kapena khoza la agogo, musalitengere kumsika. Lijambuleni, lembani zonse zimene akuluakulu akukumbuka za komwe linachokera, ndipo funsani a nthambi yoona za nyama zakuthengo kuti akuuzeni zimene lamulo likufuna.