Mpweya wa kuchipatala: makina amaupeza bwanji, nanga umawononga makinawo n'chiyani?

Miyezi ya Juni ndi Julayi ikafika, kuzizira kwa kuno ku Angónia ndi ku Tsangano kumabwera ndi chibayo, makamaka kwa ana. Ndi nthawi yomwe timamva mawu aja akuti, “mwana wa uje amuika pa mpweya.” Ena akangomva choncho amayambiratu kulira, chifukwa m'midzi mwathu, tsidya lino ngakhalenso tsidya la Dedza ndi Ntcheu, mudakali mphekesera yoti mpweya wa kuchipatala ndi umene umamaliza munthu. Alipo makolo amene amakanitsitsa kuti mwana wawo amuike timapaipi m'mphuno.

Tiyeni tiuone mpweyawo kumene umachokera.

Mpweya umene tikupumawu ndi wosakaniza. Pa magawo 100 alionse, magawo 78 ndi nayitrojeni, yemwe uja alimi timamudziwa mu feteleza wa ureya. Magawo 21 ndi okosijeni, amene anamwino athu amati oxigénio, ndipo ndi yekhayu amene thupi limamufuna. Kagawo kotsalako ndi mipweya ina. Munthu wabwinobwino magawo 21 amamukwana. Koma mapapo akadzaza mafinya ndi madzi chifukwa cha chibayo, okosijeni wolowa m'magazi amachepa, choncho wodwala amafunika mpweya umene uli ndi okosijeni wochuluka. Mulibe mankhwala obisika m'menemo. Ndi mpweya womwewu, koma wosefa.

Kwa zaka zambiri zipatala zakutali zinkangodalira mabotija achitsulo odzazidwa kufakitale. Kuchokera mumzinda wa Tete kufika ku Ulongwe ndi makilomita oposa 200, ndipo botija ikatha usiku wa Loweruka, wodwala sangadikire galimoto ya Lolemba. Mliri wa Covid-19, umene udalowa m'dziko muno m'mwezi wa Malichi 2020, udaonetsa poyera vuto limeneli, ndipo kuyambira nthawi imeneyo zipatala zina zikuluzikulu ku Mozambique ndi ku Malawi zidalandira makina opangira okosijeni pamalo pomwepo. Akatswiri amawatchula kuti PSA. Njira yake si yachilendo: katswiri wina wa ku America, Charles Skarstrom, adalandira chikalata cha umwini wa njirayi mu 1960.

Ntchito imayambira pa kompresa, yofanana ndi ya anyamata opopa matayala kumsika, kungoti ndi yaikulu. Imakoka mpweya wapanja n'kuupanikiza mpaka pa bar 7 kapena kuposerapo pang'ono. Kuti mumvetse, tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa bar ziwiri ndi pang'ono basi. Mpweya wopanikizidwawo umalowa m'mathanki awiri oimirira, odzaza ndi timibulu tonga mapira totchedwa zeolite. Timibuluti tili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo mpweya ukapanikizika timagwira nayitrojeni n'kulola okosijeni kudutsa. Pakapita kanthawi kochepa timakhuta. Pamenepo makina amatseka thanki imeneyo n'kuiphwetsa, nayitrojeni n'kutulukira panja, uku thanki inzake yayamba kale kugwira ntchito. Zili ngati amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi: wina akamatsitsa munsi, mnzake akukweza. Ndiye mukamadutsa kuseri kwa chipatala n'kumva chinthu chikupuma “fuu” mobwerezabwereza, musaope ayi. Chotuluka pamapeto pake ndi mpweya wa okosijeni magawo 93 pa 100, ndipo muyeso wovomerezeka kwa odwala ndi pakati pa 90 ndi 96. Tiziwiya tating'ono toika pambali pa bedi, topereka malita 5 kapena 10 pa mphindi, timagwiranso ntchito mwanjira yomweyi.

Mpaka apa nkhani ikumveka yosavuta. Povuta ndi pakati pa kompresa ndi mathanki aja.

Adani a timibulu tija ndi atatu: madzi, mafuta ndi fumbi. Wamkulu ndi madzi. Kafunseni wopopa matayala aliyense kuti atsegule kampopi ka pansi pa thanki yake, muona madzi adzimbiri akutuluka, chonsecho palibe adathiramo madzi. Mpweya umakhala ndi chinyezi, ndipo ukaupanikiza kenako n'kuzizira, umakha madzi ngati nsalu yonyowa ukaifinya. Tiyerekeze tsiku lotentha la dzinja, kutentha madigiri 30, chinyezi chili pa 80 peresenti. Kiyubiki mita imodzi ya mpweya wotere imakhala ndi madzi pafupifupi magalamu 24. Kompresa yokoka makiyubiki mita 100 pa ola ndiye kuti ikumeza madzi oposa malita 50 pa tsiku, zidebe ziwiri ndi theka. Ndipo makinawa amamezadi mpweya wambiri, poti kuti apange lita imodzi ya okosijeni amafuna malita oposa 10 a mpweya wamba.

Zeolite amakonda madzi kuposa nayitrojeni. Akangoyamwa chinyezi, timabowo take timatsekeka ndipo kuphwetsa thanki sikuwachotsa madziwo. Mafuta a mu kompresa nawo amamata timibuluto. Zikatere makina amalirabe bwinobwino, mpweya ukutulukabe, koma okosijeni watsika. Kwa ine apa ndiye poopsa kwenikweni, chifukwa diso siliona kusiyana, ngakhale mphuno siimva. Amadziwa ndi kachipangizo koyezera kokha.

N'chifukwa chake mpweya usanafike kwa zeolite umadutsa m'zipata zingapo. Choyamba ndi sefa ya pakamwa pa kompresa, yogwira fumbi ndi phulusa. Kenako pali chiwiya chouziziritsa ngati filiji, mpaka pa madigiri atatu, kuti chinyezi chisanduke madzi n'kutayidwa. Pambuyo pake pali masefa ogwira timadontho ta mafuta ndi madzi, ndipo yosalala kwambiri imagwira tinthu ta 0.01 micron, pamene tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa pafupifupi ma micron 70. Pomalizira pali makala apadera, nthawi zambiri opangidwa ndi zikamba za kokonati, amene amayamwa nthunzi ya mafuta. Masefa amenewa amatha ngati mmene imathera sefa ya ufa, ndipo ayenera kusinthidwa maola ake akakwana. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi makina onse, koma ndi amene amaiwalika pokonza bajeti. Tsiku lotsegulira makina pamakhala magule ndi zolankhula. Tsiku losintha sefa palibe amaitanidwa. Inu amene muli m'makomiti a zaumoyo m'madera mwanu, funso lofunika kufunsa ndi limeneli: masefa adasinthidwa liti, ndipo choyezera chikuonetsa nambala yanji? Funsaninso za jenereta, poti magetsi akathima makinawa amaima nthawi yomweyo.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Mu Seputembala ndi Okutobala tikamatentha mapesi ndi zinyalala, utsi ndi phulusa zimapita kumene kwapita mphepo. Ngati munda wanu kapena dzala lanu lili pafupi ndi chipatala, kompresa imakoka zomwezo.

Nanga nayitrojeni uja wotayidwa? Mafakitale ena amafuna iyeyo, ndiye amagwiritsa ntchito makina ofanana, koma okhala ndi timibulu ta makala togwira okosijeni m'malo mwake. Mapaketi a tchipisi ta mbatatesi mumagula m'sitolo aja amafufuma ndi nayitrojeni kuti mafuta ake asasase. Nkhokwe zina zikuluzikulu amazipopera nayitrojeni kuti anankafumbwe abanike popanda mankhwala, nzeru yomwe ija ya matumba osalowa mpweya amene alimi ena ayamba kusungiramo chimanga. M'malabotale, makina ena oyeza poizoni wa chuku mu mtedza ndi m'chimanga amayendera nayitrojeni woyera kwambiri, ndipo kumenekonso kadontho ka mafuta kangathe kusokoneza zotsatira.

Tibwerere ku wodi ya ana. Chimene chimachititsa kuti ena amwalire ali pa mpweya nthawi zambiri n'chakuti adafika mochedwa, matenda atakula kale. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuwerenga kapumidwe ka mwana amene akutsokomola, ali phee, kwa mphindi imodzi yathunthu. Wa miyezi iwiri mpaka miyezi 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa, ndiponso wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa, nyamukani tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mukaona pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya. Kuchipatala amupana kachipangizo pa chala, ndipo nambala ikatsika pansi pa 90 amuika pa okosijeni. Inu womudikirira musasute fodya, musayatse kandulo kapena mbaula pafupi, ndipo musagwire mpopi wa botija ndi manja amafuta, chifukwa pamene pali okosijeni wambiri kamoto kakang'ono kamalilima nthawi yomweyo.