KUPIMIRATU MALO A WANTCHITO NYUMBA ISANAMANGIDWE

Munthu aliyense wa kumudzi adziwa kuti tsiku lofolera nyumba si tsiku lozira pansi. Wofolera akakhala pa denga, udzu ndi zitsotso zimagwera m'kati, ndipo amayi ozira ayenera kudikira. Nzeru yomweyi ndiyo imene amisiri a nyumba zazikulu m'maiko ena aiika tsopano m'kompyuta.

M'mizinda ina nyumba sizimangidwanso njerwa ndi njerwa pamalo pake. Zipinda zimapangidwira ku fakitale, zitseko, mazenera ndi mipope ya madzi zili kale m'malo mwake, ndipo zimadza pa malole. Kireni, ndiwo makina aatali onyamulira katundu, amazikweza ndi kuzisanjikiza monga mabokosi. Ku Singapore nyumba ziwiri zotchedwa Clement Canopy, iliyonse ya nsanjika 40, zinatha m'chaka cha 2019, ndipo zinamangidwa ndi zipinda zotere 1,899 zimene anaumbira ku Malaysia.

Ntchito yotere ifulumira ndithu, koma ili ndi choopsa chake. Chipinda cha konkire chilemera matani ambiri. Pamene chili lende m'mwamba, munthu sayenera kupezeka pansi pake. Pamene chatsika, pafunika anthu ochilandira, ena ochilumikiza ndi chinzake, ndi enanso olumikiza mipope ndi mawaya a magetsi. Onsewa afuna poima, potambasulira mikono ndi poika zipangizo zawo, ndipo malo ndi ochepa.

Tsono pulani ya pa pepala isonyeza khoma, chitseko ndi mzati, koma siisonyeza pamene munthu adzaima. Chifukwa chake amisiri amayamba amanga nyumba yonse m'kompyuta. Chifanizo chimenechi pa Chingerezi chitchedwa BIM. Chili ndi utali, m'lifupi ndi msinkhu, ndipo kanthu kalikonse m'menemo kali ndi muyeso wake. Boma la Singapore linalamula kuti kuyambira 2015 mapulani a nyumba zazikulu azidza m'njira imeneyi, ndipo Boma la Britain linachita chimodzimodzi pa nyumba zake mu 2016.

M'chifanizomo wokonza ntchito amajambulanso zinthu zosaoneka ndi maso. Pambali pa khoma ajambula bokosi lopanda kanthu, ndiwo malo a mmisiri ndi makwerero ake. Ajambula njira yodzera anthu, poimika lole, pounjika katundu, ndi dera lonse limene dzanja la kireni lidzazungulira. Atatero, bokosi lililonse alipatsa tsiku ndi ora lake, pakuti malo a munthu sakhalitsa monga khoma: m'mawa ali kuno, masana ali uko.

Apa ndi pamene pagona phindu lenileni. Mwina pulani inena kuti Lachiwiri m'mawa anthu a mipope adzakhala kum'mawa kwa nyumba, ndipo ora lomwelo kireni idzapitiriza chipinda pamwamba pa mitu yawo. Pa pepala ntchito ziwirizi zalembedwa pa mizere yosiyana, kotero kuti diso silingaone msanga kuti zakumana. Kompyuta imaona kuti mabokosi awiri alowana, niwasonyeza poyera ntchito isanayambe. Pamenepo kapitawo angathe kusuntha anthu a mipope kuti adze masana, kapena kuuza a ku fakitale kuti asinthe ndondomeko ya malole. Kusintha kotere mu ofesi kungotenga mphindi zowerengeka. Kukachitika pamalo a ntchito, lole iima pamsewu, kireni ikhala chabe, ndipo anthu alipidwa tsiku limene sanagwire kanthu, ngati sipanagwe ngozi.

Komatu kompyuta siidziwa yokha kuti munthu womanga mabawuti atagwada afuna malo otani. Muyeso umenewo uchokera kwa amisiri amene agwira ntchitoyo zaka zambiri, ndipo wokonza pulani wanzeru amayamba wawafunsa. Ndiponso mphepo ikakula kireni imaleka ntchito, lole ikachedwa zonse zimasuntha, motero chifanizocho chiyenera kukonzedwanso madzulo ake, kuti kapitawo pofika m'mawa apeze malo a gulu lililonse atagawidwa mwatsopano.