Osunga Nthaka ndi Okumba Zitsime ku Embangweni

Anthu a ku Embangweni, m'dziko la Inkosi Mzukuzuku, kummwera kwa Mzimba, akamakamba za ntchito zaulemu amayamba kutchula ubusa, uphunzitsi ndi unamwino, pakuti ndizo zinadza ndi mishoni ya Loudon, imene Donald Fraser anaikhazika kumeneko m'chaka cha 1902. Komatu alipo antchito ena, a matope kumiyendo ndi zikhato zokhakhala, amene pakadapanda iwo, chipatala cha mishoni chikadasefukira ndi ana otsekula m'mimba, nkhokwe nazo zikadakhala zopanda kanthu.

Woyamba ndiye mlangizi wosamala za nthaka, amene amayenda m'minda yotsetsereka ndi chingwe ndi zikhomo, nayeza pamene padutse akalozera, kuti mizere yonse itsate iwowo mopingasa phiri, ndi kuti madzi a mvula, m'malo mothamangira ku South Rukuru atasenza chajira cha m'munda, aime m'ngonyeka ndi kulowa pansi pang'onopang'ono. Iyeyu amaphunzitsanso kubzala udzu wa vetiva, kutseka zigwembe zimene zimayambira m'njira za ng'ombe, ndi kukumba maenje okololera madzi. Ntchito yake inabadwa ndi mbiri yoipa, chifukwa m'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linkakakamiza malimidwe otere ndi chindapusa ndi ndende, kotero kuti anthu anadana ndi mzere umene ukadawapulumutsa. Ndipo mlangizi wa lero, amene alibe chikoti koma lilime lokha, ayenera kudekha, nayamba ndi mlimi mmodzi wachitsanzo, kufikira anansi ataona okha chimanga chake chili chiimire pa nthawi ya ng'amba.

Koma ntchito imene Embangweni yatchuka nayo ndiyo ya zitsime zotetezedwa. Chiyambire zaka za m'ma 1990, bungwe la Marion Medical Mission la ku Illinois, mogwirizana ndi Sinodi ya Livingstonia, lakhala likuthandiza midzi kumanga zitsime zosazama, ndipo kagawidwe ka ntchitoyo nkoyenera kukalingalira: eni mudzi amakumba dzenje, naumba njerwa, natuta mchenga ndi miyala, bungwe limabweretsa simenti, mapaipi ndi pampu, ndipo mmisiri, amene ndi mwana wa m'dera lomwelo wophunzitsidwa umisiriwo, amatsikira m'dzenjemo kukayala njerwa kuyambira pansi, kenaka naumba chivundikiro ndi ngalande yotayira madzi kutali, nalembapo mawu olemekeza Mulungu simenti isanaume. Zonsezi zimachitika m'chilimwe, kuyambira Seputembala kufikira Novembala, pakuti akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa, ndipo wokumba m'dzinja amanyengedwa ndi madzi amene sadzakhalapo dzuwa likakula.

Amene ine ndimamuyesa wamkulu mwa onsewa, ngakhale dzina lake silimveka pa tsiku la nthungululu lotsegulira chitsime, ndiye wokonza. Isake wa m'Baibulo amakumbukika chifukwa chofukula zitsime za atate wake zimene Afilisti anazikwirira; chomwechonso makaniko wa mijigo, wopalasa njinga ndi thumba la masipanala, amene amasolola ndodo za pampu ya Afridev kuti asinthe kamphira kamene katha, amabwezera mudzi madzi amene unali utataya kale. Malipiro ake amachokera m'thumba la komiti ya pamjigo, ndipo thumbalo, tinene zoona, limakumbukika pokhapokha mjigo utafa.

Alipo ndithu ophunzira kwambiri, otuluka ku Mzuzu University, amene amayeza ndi makina pamene pali madzi pansi pa thanthwe, galimoto yoboola mjigo isanafike, ndipo lamulo la za madzi la 2013 linawonjezera ntchito zawo pofuna kuti oboola akhale ndi chilolezo. Awa sakusowa ulemu. Chondidetsa nkhawa ndicho chakuti mnyamata wa ku Mzimba akangodziwa kugwira mpeni womangira, mtima wake umayamba kuloza ku Joni, kumene njerwa yomweyo imalipira koposa, ndipo mudzi umene unamuphunzitsa umayambanso kufunafuna wina woti atsikire m'dzenje.