Musanatsike phiri la ku Thabwa, taonani mabuleki akutsogolo

Kunja kuja, eni magalimoto a liwiro monga Porsche amakonda kukhala pakhomo Loweruka, sipanala kumanja, n'kumachotsa mabuleki akutsogolo kuti aikemo amphamvu. Kwa iwo ndi masewera chabe. Koma kwa inu a geni amene muli ndi kapikapu konyamula nsomba za ku Chiromo, mbatata ya ku Makhanga kapena mbuzi za ku Bangula kupita nazo ku Limbe, ntchito yomweyi ikukhudza moyo wanu ndi mpamba womwe.

Njira yake mukuidziwa. Madzi osefukira a 1997 adadula njanji ndi msewu pakati pa mlatho wa Chiromo ndi Bangula, anthu n'kuyamba kuoloka pa mabwato. Galimoto ya kutsidya la kum'mawa imadzera ku Fatima, Masenjere ndi Livunzu. Ya ku Bangula imatsata M1 kudutsa Ngabu ndi Nchalo, n'kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu. Zonse zimakumana pa Thabwa, patsinde pa phiri. Kukwera si vuto, injini imangolira basi. Nkhani ili pobwerera, mutadzaza simenti, malata ndi mabelo a kaunjika. Blantyre ili pamtunda wa mamita opitirira 1,000, pomwe kuchigwa malo ambiri sakwana n'komwe mamita 100. Kutsika konseko ndi makona okhaokha.

Mukaponda buleki, kulemera konse kumathamangira kutsogolo, ndiye matayala akutsogolo ndi amene amagwira pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ntchito yoimitsa galimoto. Mapadi amafinya disiki, mphamvu ya liwiro ija imasanduka kutentha. Dalaivala akamangoponda osalekeza kuyambira pamwamba, mapadi amapsa n'kuyamba kuterera. Choopsa kwambiri n'choti brake fluid amawira, ndipo nthunzi siyikankha kanthu. Mumangoona phazi lafika pansi, galimoto ikupitabe. Apa ndi pamene amayi kumbuyo amayamba kuitana Yesu.

Tiime kaye pa brake fluid, poti ndi amene ambiri samuganizira. Wa DOT 3 akakhala watsopano amawira pa madigiri osachepera 205, wa DOT 4 pa 230. Koma mafuta amenewa amayamwa chinyontho pang'onopang'ono, ndipo akakalamba DOT 3 amatha kuwira pa 140 pokha, DOT 4 pa 155. Taganizani tsono za galimoto imene idasambira m'madzi a 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023, ndipo chigulireni sanasinthidwepo! Kusintha zaka ziwiri zilizonse kumakwanira. Kuchoka pa DOT 3 kupita pa DOT 4 palibe vuto, koma DOT 5 ndi mtundu wina, sasakanizidwa. Ndipo chonde abale, zothira madzi a sopo zija tizisiye. Madzi amawira pa 100 pokha. Oilo wa injini ndiye amatupitsa timphira tonse ta m'kati.

Ntchitoyi mutha kuigwira pakhomo ngati manja anu adazolowera zitsulo. Dothi la kuchigwa malo ena ndi lamchenga, jeke amamira, choncho muikeni pa thabwa lolimba (lenileni, osati la roadblock lija). Tsekerani matayala akumbuyo ndi miyala, ndipo tayala mwachotsalo ligonekeni pansi pa galimoto. Jeke yekha musamukhulupirire.

Onani mapadi. Ngati nyama yake yatsala mamilimita 3 kapena kucheperapo, atha amenewo. Musinthe mbali zonse ziwiri tsiku limodzi, apo ayi galimoto izikokera mbali imodzi mukaponda. Kenako disiki. M'mphepete mwake mumakhala nambala yolembedwa MIN TH, kusonyeza kuonda kumene sayenera kupitirira. Disiki yopyapyala imatentha msanga, ndipo ya mizere yakuya imadya mapadi atsopano ngati chiswe. Kalipa mukaimasula imangeni ndi waya, isalendewere pa paipi ya mphira. Timapini timene kalipa imayendapo n'timene matope a ku East Bank amakonda kuumitsa; titsukeni, tipakeni girizi wa mabuleki, koma girizi asakhudze padi ngakhale disiki. Fumbi lake musapemerere ndi pakamwa, mapadi ena otchipa amakhala ndi asbestos.

Pa mapadi otchipa pomwepa, inu a geni mukudziwa bwino kuposa ife kuti katundu akatsika mtengo modabwitsa ndiye kuti pali chifukwa. Bokosi lopanda dzina la kampani ngakhale nambala ya galimoto lisiyeni pashelefu. Anyamata ena amakunyengererani kuti mugule makalipa akuluakulu a galimoto ina yakugwa kuti anu akhale "a mpikisano". Ife tikuti ayi. Kalipa yosagwirizana ndi master cylinder imatalikitsa pedulo, ndipo matayala akutsogolo amatha kumanga msanga n'kukhwekhwereza pakona. Mapadi abwino, disiki yonenepa ndi fluid watsopano, kwa Hilux kapena Nissan 1400 yonyamula katundu, n'zokwanira. Zikakhala kuti paipi ikudontha kapena pisitoni yagwira dzimbiri, pitani nayo kwa makaniko.

Potulutsa mpweya, imene amakaniko amati bleeding, pamafunika anthu awiri: wina kupopa pedulo n'kugwira, wina kumasula kabauti mpaka thovu litatha, kuyambira tayala lakutali ndi master cylinder. Kabotolo ka pamwamba kasaume. Mukamaliza, popani pedulo mpaka ilimbe musanalize injini, chifukwa kuponda koyamba kumangopita pansi. Mapadi atsopano amafuna kuzolowerana ndi disiki, ndiye yambani mwayenda pamalo a see, monga cha ku Ngabu, n'kumaima mofatsa kangapo musanakakumane ndi phiri.

Potsika, lowetsani giya 2 mukadali pamwamba kuti injini ithandize, ndipo zoika fili pofuna kupulumutsa mafuta muiwale. Mukamva fungo la chinthu chopserera, imani pambali pamalo otakasuka mudikire mphindi makumi awiri kapena kuposerapo. Musathire madzi pa disiki yotentha, imapindika.