Nyimbo ya pamanda imene inasanduka choikapo maluwa

Mphunzitsi wa kwaya akamakuwa "do, mi, so" Loweruka masana kutchalitchi, amakhala akudyera nzeru za Guido wa ku Arezzo, mmonke wa ku Italy. Cha m'ma 1025, Guido anakonza njira yolembera nyimbo pamizere, n'kupatsa mawu 6 mayina awa: ut, re, mi, fa, sol, la. "Ut" uja anadzasanduka "do" m'zaka za m'ma 1600, ndipo solfa inafika kuno ndi amishonale a ku Britain.

Koma pa nkhani ya ukale, Guido ndi mwana wa dzulo. M'phanga la Hohle Fels ku Germany munapezeka chitoliro mu 2008, chamabowo asanu, cha zaka zosachepera 35,000. Anachisema kuchokera ku fupa la phiko la muimba. Mbalame yosadziwa kuimba, koma fupa lake linaimba!

Nyimbo yolembedwa yakale kuposa zonse ili paphale ladongo la ku Ugarit, ku Syria, la cha m'ma 1400 Yesu asanabadwe, ndipo imatamanda mulungu wamkazi Nikkal. Vuto n'lakuti katswiri aliyense amene wayesa kuiwerenga watulutsa maimbidwe akeake. N'chifukwa chake ine ndimapereka ulemu kwa ina, ya Seikilos, yomwe ndi yakale kuposa nyimbo zonse zimene zilipo zathunthu, mawu ndi maimbidwe omwe. Inagobedwa m'Chigiriki pachipilala cha pamanda zaka pafupifupi 1,900 zapitazo. Chipilalacho chinadziwika mu 1883 pafupi ndi Aydın ku Turkey, kumene ankamanga njanji, ndipo chinakathera kunyumba kwa mkulu wa njanjiyo, Edward Purser. Kumeneko anachicheka kunsi kuti chiziima bwino, mayi wa pakhomopo aziikapo maluwa, ndipo mzere umodzi wa malemba unapita ndi macheka. Lero chili kumalo osungira zakale ku Copenhagen. Nyimboyo ndi yaifupi, siifika n'komwe mphindi imodzi.

Pa olemba nyimbo a nthawi yake, palibe amene anasiya nyimbo zambiri zodziwika mwini kuposa Hildegard wa ku Bingen, mkulu wa masisitere ku Germany, amene anamwalira mu 1179. M'sewero lake loimba, Ordo Virtutum, aliyense amaimba kupatula Satana. Iyeyo amangolankhula ndi kukuwa, chifukwa kwa Hildegard mdyerekezi alibe nyimbo m'kamwa.

Mawu achinyengo kuposa onse m'maphunziro a nyimbo ndi "breve". Amachokera ku Chilatini ndipo amatanthauza chachifupi, popeza kale pamwamba pake panali "longa" ndi "maxima", zizindikiro za mawu okoka kwambiri. Ziwirizo zinatha ntchito, moti lero "breve" ndiye wamtali. Chizindikiro chobulungira chopanda mchira chija, chimene woimba limba amachiwerengera kanayi, dzina lake ndi "semibreve", theka la chachifupi.

Buku loyamba kusindikizidwa la nyimbo za mawu angapo linatuluka ku Venice mu 1501, kwa Ottaviano Petrucci. Dzina lake, Odhecaton, limalonjeza nyimbo 100. Mukawerenga mupezamo 96.

Kwaya zathu zimagawana mawu anayi: soprano, alto, tenala ndi besi. Ku Paris, cha m'ma 1198, Pérotin anali m'gulu la oyamba kulemba nyimbo ya mawu anayi, ndipo zinali zodabwitsa. Patapita zaka zosakwana 400, Thomas Tallis wa ku England analemba Spem in alium, ya mawu 40, kwaya 8 za anthu asanuasanu, aliyense ndi njira yakeyake. Ambiri amaganiza kuti apa m'pamene panathera, koma Alessandro Striggio wa ku Italy anali atalemba kale Misa ya mawu 40, yomwe chigawo chake chomaliza chimakwera kufika pa mawu 60. Misayo inasowa kwa zaka mazana ili chikhalire mulaibulale yaikulu ya dziko la France. Wolemba kaundula anapotoza dzina kukhala "Strusco", ndipo 40 uja analembedwa ngati 4. Davitt Moroney ndiye anaivumbula mu 2005, ndipo mu 2007 inaimbidwanso ku Royal Albert Hall ku London.